Masheya a ASML: Kampani Yopanda Mnzake, Mtengo Wosakhazikika

Foni yam'manja, kompyuta, galimoto yamakono komanso makina akuluakulu amene amayendetsa luntha lochita kupanga lotchedwa AI, zonsezi zimadalira kachipangizo kakang'ono kotchedwa chip, kamene kamasemedwa pa silikoni. Silikoni ali m'gulu la zinthu zotchedwa semiconductor, zomwe zimatha kulola kapena kuletsa magetsi kudutsa malinga ndi mmene zakonzedwera, ndipo khalidwe limeneli ndi limene limachititsa kuti pa chip imodzi pakhale timaswitchi mabiliyoni ambiri totchedwa transistor. Anthu ambiri amadziwa mayina a makampani amene amajambula kapena kupanga machip, monga Nvidia, Intel, Samsung ndi TSMC, koma kumbuyo kwa makampani amenewa kuli gulu lina laling'ono lopanga makina a m'mafakitale a machipwo, lomwe muli Applied Materials, Lam Research ndi KLA a ku America, Tokyo Electron ya ku Japan, ndiponso ASML ya ku Netherlands.

Mwa makampani onsewa, ASML ndi imene imakopa kwambiri anthu oika ndalama m'masheya, chifukwa ndi yokhayo padziko lonse imene imapanga makina osindikizira machip apamwamba kwambiri. Ngakhale zili choncho, pa 15 Okutobala 2024 mtengo wa sheya yake unagwa ndi pafupifupi 16 peresenti tsiku limodzi lokha, pamene kampaniyo inali ikupanga phindu lochuluka ndipo panalibe wina aliyense amene anailanda msika. Kumvetsa chimene chinachititsa kugwa kotereku ndiko kumvetsa malonda onse a masheya a makampani a mtundu umenewu, popeza ubwino wa kampani ndi mtengo wa sheya yake ndi zinthu ziwiri zimene sizimayendera limodzi nthawi zonse.

Makina osindikiza ndi kuwala

Ntchito ya makina a ASML imatchedwa lithography, ndipo ndi kusindikiza chithunzi cha tinjira ta magetsi pa chimbale chopyapyala cha silikoni pogwiritsa ntchito kuwala. Chimbalecho, chimene nthawi zambiri chimakhala cha mamilimita 300 m'mimba mwake, chimapakidwa mankhwala amene amasintha akawombedwa ndi kuwala, kenako makina ena amakokolola kapena kuwonjezera zinthu potsatira chithunzicho, ndipo zimenezi zimabwerezedwa kambirimbiri mpaka chip itakwanira. Kuchepa kwa tinjirato kumadalira kufupika kwa funde la kuwala kumene kukugwiritsidwa ntchito, komwe kumayezedwa m'mananomita, ndipo nanomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a mita.

Makina a mtundu wakale, otchedwa DUV, amagwiritsa ntchito kuwala kwa mananomita 193 kapena kuposerapo, ndipo pa makina amenewa ASML imapikisana ndi Nikon komanso Canon a ku Japan, ngakhale kuti gawo lalikulu la msika ili nalo ndi iyo. Makina a mtundu watsopano, otchedwa EUV, amagwiritsa ntchito kuwala kwa mananomita 13.5, kumene kumapangidwa powomba timadontho ta chitsulo cha tin chosungunuka ndi laser yamphamvu maulendo 50,000 pa sekondi iliyonse. Kuwala kumeneku kumamezedwa ndi mpweya ngakhalenso galasi, n'chifukwa chake kumayendetsedwa m'chipinda chopanda mpweya ndipo kumawongoleredwa ndi akalilole osalala modabwitsa amene amapangidwa ndi kampani ya Zeiss ya ku Germany, pamene laser imachokera ku kampani ya Trumpf ya m'dziko lomwelo. Makina amodzi a EUV amalemera pafupifupi matani 180, amatumizidwa m'zigawozigawo pa ndege zingapo zonyamula katundu, ndipo mtengo wake umaposa madola 150 miliyoni. Mtundu wapamwamba koposa, wotchedwa High-NA, umene zigawo zake zoyamba zinatumizidwa ku fakitale ya Intel ku Oregon mu Disembala 2023, umagulidwa pa mtengo woposa madola 350 miliyoni.

Mmene inatsalira yokha

ASML inakhazikitsidwa mu 1984 mumzinda wa Eindhoven pa mgwirizano wa makampani a Philips ndi ASM International, pa nthawi imene msika wa makina osindikizira machip unali m'manja mwa makampani a ku America ndi ku Japan. Likulu lake tsopano lili ku Veldhoven, pafupi ndi Eindhoven pomwepo, ndipo masheya ake anayamba kugulitsidwa mu 1995 pa msika wa Amsterdam ndi pa msika wa Nasdaq ku New York. Kafukufuku wa EUV anatenga zaka zoposa 20 ndipo anadya ndalama zambiri, moti opikisana nayo anamusiyira panjira. Mu 2012 makasitomala ake atatu akuluakulu, Intel, TSMC ndi Samsung, anagula pamodzi pafupifupi 23 peresenti ya masheya a kampaniyi ndi kuperekanso ndalama zapadera zothandizira kafukufukuyo, chifukwa ankadziwa kuti popanda makina atsopanowa sakanatha kupitiriza kuchepetsa matransistor pa liwiro limene katswiri wina, Gordon Moore, analosera mu 1965. ASML inagula kampani ya Cymer ya ku San Diego, yopanga gwero la kuwala, mu 2013, ndipo mu 2016 inagwirizana zogula 24.9 peresenti ya nthambi ya Zeiss yopanga akalilole aja pa mtengo wa mayuro 1 biliyoni. Machip oyamba opangidwa ambirimbiri ndi makina a EUV anafika pa msika mu 2019.

Mbiri imeneyi ili ndi tanthauzo lalikulu kwa woika ndalama, chifukwa ikusonyeza kuti wofuna kupikisana ndi ASML ayenera kumanganso mndandanda wonse wa makampani mazanamazana opereka zipangizo, luso la amisiri limene launjikana kwa zaka makumi angapo, komanso chikhulupiriro cha makasitomala amene sangalole kuimitsa fakitale ya madola mabiliyoni ambiri poyesa makina osadziwika. Chitetezo chotere chimaonekera m'mabuku a ndalama. Mu 2023 kampaniyi inagulitsa katundu ndi ntchito za mayuro 27.6 biliyoni n'kutsala ndi phindu la mayuro 7.8 biliyoni, ndipo mu 2024 inagulitsa za mayuro 28.3 biliyoni n'kutsala ndi mayuro 7.6 biliyoni. Pa ndalama za mu 2024, pafupifupi mayuro 6.5 biliyoni anachokera ku kukonza ndi kuwonjezera mphamvu makina amene anagulitsidwa kale, ndipo gawo limeneli limabwera mokhazikika ngakhale m'zaka zimene makasitomala achepetsa kugula makina atsopano.

Chimene wogula sheya amagula

Sheya ndi kagawo ka umwini wa kampani, ndipo mwini wake amapindula m'njira zitatu. Njira yoyamba ndi dividendi, yomwe ndi gawo la phindu limene kampani imagawira eni masheya, ndipo ASML inapereka mayuro 6.40 pa sheya iliyonse pa chaka cha 2024. Njira yachiwiri ndi yakuti kampaniyo imagulanso masheya ake pa msika, zimene zimachepetsa chiwerengero cha masheya otsala n'kukulitsa gawo la phindu logwera sheya iliyonse. Njira yachitatu, imene anthu ambiri amaikapo mtima, ndi kukwera kwa mtengo wa sheyayo pa msika. Popeza kumapeto kwa 2024 sheya imodzi inkagulitsidwa pa mtengo wa pafupifupi mayuro 680, dividendi ija sinkafika ngakhale 1 peresenti ya ndalama zimene wogula analipira, kutanthauza kuti chiyembekezo chake chonse chinali pa kukula kwa kampani m'zaka za m'tsogolo.

Pali muyezo umene amalonda amagwiritsa ntchito pofuna kudziwa ngati sheya yakwera mtengo mopitirira, wotchedwa P/E, ndipo umapezeka pogawa mtengo wa sheya ndi phindu la pachaka logwera sheya imodzi. Mu 2024 phindu la ASML pa sheya iliyonse linali mayuro 19.25, choncho wogula pa mayuro 680 ankalipira kuwirikiza pafupifupi ka 35 phindu la chaka chimodzi. Munthu amalola kulipira chotere pokhapokha akukhulupirira kuti phindu lidzakula kwambiri, ndipo pamenepa ndi pamene pagona ngozi, chifukwa nkhani yonse yabwino yokhudza kampaniyi, monga kusowa kwa opikisana nayo ndi kufunika kwa machip a AI, imadziwika kale ndi aliyense ndipo inalowa kale mu mtengo. Chimene chimasuntha mtengo ndi kusiyana pakati pa zimene msika unkayembekezera ndi zimene zachitikadi, kotero kuti lipoti losonyeza phindu lalikulu likhoza kugwetsa sheya ngati phindulo lachepera pa chiyembekezo.

Zimene zimagwedeza mtengo

Chinthu choyamba ndi kuchepa kwa makasitomala pamodzi ndi kusinthasintha kwa nyengo za malonda a machip. Makina a EUV amagulidwa makamaka ndi makampani asanu okha, omwe ndi TSMC ya ku Taiwan, Samsung ndi SK hynix a ku South Korea, komanso Intel ndi Micron a ku America, ndipo imodzi mwa makampani amenewa ikangochedwetsa kumanga fakitale, dzenje limaoneka m'mabuku a ASML. Malonda a makinawa amafanana ndi a munthu wogulitsa zigayo, amene sadalira kuchuluka kwa nsima imene anthu amadya, popeza imeneyo imasintha pang'ono chabe chaka ndi chaka, koma amadalira eni zigayo ochepa amene m'chaka cha zokolola zambiri amagula makina onse nthawi imodzi, kenako n'kukhala zaka zingapo osagulanso. Pa nthawi ya mliri wa Covid-19 machip anasowa mpaka mafakitale a galimoto anaimitsa ntchito, opanga machip anaitanitsa makina ochuluka, ndipo sheya ya ASML inadutsa mayuro 750 mu Novembala 2021. Pofika mu Okutobala 2022, chiwongoladzanja chitakwera m'mabanki a ku America ndi ku Ulaya ndipo malonda a makompyuta ndi mafoni atazilala, sheyayo inali itatsika kufika pansi pa mayuro 400. Chidwi cha AI chinaikwezanso mpaka kudutsa mayuro 1,000 mu Julayi 2024, koma mu Epulo 2025, pa nthawi ya mkangano wa misonkho ya katundu wolowa mu America, inali pansi pa mayuro 600.

Chinthu chachiwiri ndi chiwerengero cha maoda atsopano, amene ndi mapangano ogula makina omwe adzaperekedwe m'tsogolo. Popeza makina amatenga nthawi yaitali kuti apangidwe, ndalama zimene kampani yalandira m'miyezi itatu yapitayi zimanena za zosankha zimene makasitomala anapanga kalekale, pamene maoda amanena za zimene akuganiza lero. Pa 15 Okutobala 2024 lipoti la kampaniyi linatuluka mwangozi tsiku limodzi nthawi yake isanakwane, ndipo linasonyeza maoda a mayuro 2.6 biliyoni okha pamene akatswiri ankayembekezera oposa mayuro 5 biliyoni. Kampaniyo inatsitsanso malire a zimene inkayembekezera kugulitsa mu 2025 kufika pakati pa mayuro 30 biliyoni ndi 35 biliyoni. Kumbuyo kwa ziwerengerozi kunali mavuto a makasitomala, makamaka Intel, imene mu Ogasiti chaka chomwecho inalengeza zochotsa antchito pafupifupi 15 peresenti ndipo mu Sepitembala inaimitsa kaye ntchito yomanga fakitale ku Magdeburg m'dziko la Germany. Komabe, chifukwa makina amodzi ndi a ndalama zambiri, oda imodzi ikangosainidwa sabata imodzi mochedwa imasintha chithunzi cha miyezi itatu yonse, ndipo pa chifukwa chimenechi ASML inalengeza kuti kuyambira mu 2026 idzasiya kutulutsa chiwerengero cha maoda pa miyezi itatu iliyonse.

Chinthu chachitatu ndi ndale za mayiko. Kuyambira mu 2019 boma la Netherlands, mokakamizidwa ndi America, silinapereke chilolezo chotumiza makina a EUV ku China, ndipo America itakhwimitsa malamulo ake pa 7 Okutobala 2022, Netherlands nayo inaika malamulo okhudza makina apamwamba a DUV amene anayamba kugwira ntchito pa 1 Sepitembala 2023. Makampani a ku China anathamangira kugula makina amene anali ololedwabe, moti m'miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira ya 2024 dziko la China linagula pafupifupi theka la makina amene ASML inagulitsa, powerengera mtengo wake. Malonda otere anakometsa mabuku kwa kanthawi, koma anali osadalirika chifukwa ankachokera ku mantha a ziletso zam'tsogolo. Palinso nkhawa ya mkangano wa China ndi Taiwan, kumene kuli kasitomala wamkulu wa makina a EUV. Christophe Fouquet, amene analowa m'malo mwa Peter Wennink pa udindo wa mkulu wa kampaniyi mu Epulo 2024, atanena mu Julayi 2025 kuti sakanatha kutsimikiza ngati malonda adzakula mu 2026 chifukwa cha kusadziwika kwa za chuma ndi ndale, sheya inagwa ndi pafupifupi 11 peresenti tsiku lomwelo ngakhale kuti lipoti la miyezi itatu imeneyo linali labwino.

Wosunga ndi wosinthanitsa

Anthu amene amagula sheya ya mtundu umenewu ali m'magulu awiri, ndipo ngakhale amagula chinthu chimodzi pa msika umodzi, malonda awo ndi osiyana kotheratu. Wosunga amagula n'cholinga chokhala nayo zaka zisanu, khumi kapena kuposerapo, ndipo mafunso ake ndi akuti kodi dziko lidzafunabe machip ochuluka ndi ang'onoang'ono, kodi pali luso lina limene lingalowe m'malo mwa EUV, ndiponso kodi mtengo wa lero ukusiya mpata wa phindu. Munthu wotere amavomereza pasadakhale kuti chuma chake chikhoza kutsika ndi theka panjira, monga zinachitikira mu 2022, ndipo ambiri amadziteteza pogula pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi kuti mtengo umene alipira ukhale wapakati, komanso poika ndalama zina m'makampani a ntchito zosiyana. Ena amasankha thumba lotchedwa ETF, lomwe ndi mtolo wa masheya a makampani ambiri umene umagulitsidwa pa msika ngati sheya imodzi, ndipo matumba otsatira makampani a machip amachepetsa ngozi ya kampani imodzi ngakhale sachotsa ngozi ya gulu lonse, popeza makampani amenewa amakonda kukwera ndi kugwa pamodzi.

Wosinthanitsa amagula ndi kugulitsa m'maola, m'masiku kapena m'masabata, ndipo chidwi chake chili pa kalendala ya zochitika: malipoti a ASML amene amatuluka mu Januwale, Epulo, Julayi ndi Okutobala, zolengeza za TSMC zokhudza ndalama zimene idzagwiritse ntchito pomanga mafakitale, malipoti a Nvidia, ndi zosankha za maboma a America ndi Netherlands. Vuto lake ndi lakuti amapikisana ndi mabanki ndi makampani a ndalama amene ali ndi makompyuta owerenga lipoti ndi kugulitsa m'kanthawi kosakwana sekondi. Lamulo limene wosinthanitsa amaika kwa broker, yemwe ndi kampani yovomerezeka yogulira ndi kugulitsira ena masheya, lakuti agulitse mtengo ukatsika kufika pamalo akutiakuti, silimuteteza mokwanira pa tsiku la lipoti, chifukwa mtengo umatha kulumpha malowo n'kukayambira pansi kwambiri.

Ngozi imakula pamene wosinthanitsa agwiritsa ntchito ndalama zobwereka, makamaka kudzera m'mapangano otchedwa CFD, amene munthu sakhala mwini sheya koma amangobetcherana ndi kampani pa kusintha kwa mtengo. Mu 2018 bungwe la ESMA, loyang'anira misika ya ndalama m'mayiko a European Union, linanena kuti pakati pa 74 ndi 89 peresenti ya anthu wamba ochita malonda a CFD amataya ndalama, ndipo linalamula kuti pa sheya ya kampani imodzi munthu wamba asamachite malonda oposa kuwirikiza kasanu ndalama zimene waikapo. Ngakhale pa malire amenewa, kugwa kwa 16 peresenti kwa mu Okutobala 2024 kukanatha kudya pafupifupi 80 peresenti ya ndalama za munthu amene anabetcha kuti mtengo ukwera.

Zotchinga za wogula wakutali

Sheya ya ASML imagulitsidwa m'mayuro pa msika wa Euronext Amsterdam ndi m'madola pa Nasdaq, ndipo sipezeka pa Malawi Stock Exchange. Wogula wokhala ku Malawi amafunika ndalama zakunja, zimene kutumiza kwake kunja n'cholinga chogula masheya kumayendetsedwa ndi malamulo a Reserve Bank of Malawi, pamene amene akukhala ku Britain kapena ku South Africa amapeza mosavuta ma broker ovomerezeka ndi maboma a kumeneko. Phindu kapena kutaya kwa wogula wakunja kumadalira zinthu ziwiri, mtengo wa sheya ndi mphamvu ya ndalama ya kwawo, ndipo kutsitsidwa mphamvu kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kunasonyeza kukula kwa mbali yachiwiriyi. Boma la Netherlands limadulanso msonkho wa 15 peresenti pa dividendi isanafike kwa mwini wake, ndipo pamwamba pake pali ndalama zolipira broker ndi zosinthira ndalama, zimene zimadya kwambiri phindu la munthu wogula ndi kugulitsa pafupipafupi. Kutchuka kwa mayina ngati ASML ndi Nvidia kwaperekanso mpata kwa akathyali a pa intaneti amene amalonjeza phindu lotsimikizika sabata ndi sabata, lonjezo limene mbiri ya mtengo wa sheyayi ikuonetsa poyera kuti palibe angalikwaniritse, ndipo njira yodzitetezera ndi kufufuza dzina la broker m'kaundula wa bungwe la boma loyang'anira misika ya ndalama m'dziko limene akunena kuti analembetsedwa.

Pakati pa Novembala 2021 ndi Epulo 2025 makina a ASML anapitirira kukhala opanda mnzawo ndipo malonda a kampaniyi anakula, koma sheya yake inatsika ndi pafupifupi theka, inakwera kuwirikiza kawiri ndi theka, kenako inatsikanso ndi 40 peresenti kapena kuposerapo. Anthu awiri amene anali ndi maganizo ofanana ndiponso olondola pa za tsogolo la kampaniyi akanatha kupeza zotsatira zosiyana kwambiri, malinga ndi mtengo umene analipira, kuchuluka kwa ndalama zimene anaika poyerekeza ndi chuma chawo chonse, komanso ngati ndalamazo zinali zawozawo kapena zobwereka. Pa zinthu zonse zokhudza malonda amenewa, zitatu zimenezi ndi zokhazo zimene zili m'manja mwa wogula, pamene maoda a TSMC, malamulo a boma la America ndi chiwongoladzanja cha mabanki akuluakulu zimasankhidwa ndi ena, ndipo n'chifukwa chake kusankha kampani yabwino kumangokhala chiyambi cha ntchito ya munthu woika ndalama m'masheya.